Mzere Umene Ndinawerenga Chamumtima

Bambo anga anasiya kuona ine ndili kale pa ntchito ya uphunzitsi, mwana wanga woyamba ali kumsana. Inali ng'ala. Inayamba diso lamanzere, kenako n'kuwolokera lamanja, ndipo pofika chaka chimene madzi anamiza mpunga ku Malengachanzi, munthu amene anaphunzitsa theka la anthu a kwathu kuwerenga sankathanso kusiyanitsa buku ndi mbale mpaka atakhudza. Za kuyenda sankadandaula, pakuti njira ya kutchalitchi ndi ya kumsika mapazi awo ankaidziwa. Chimene chinkawadya mumtima chinali kuwerenga. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawawerengera, koma ndinali ndi khanda, mwamuna, ndi mulu wa makope oti ndichonge, choncho ndinkawerenga ngati munthu amene wasiya ndiwo pamoto. Iwo ankamva. "Basi, mayi, dzipita," ankatero. "Ukuwerenga mwendo wina uli panja."

Nzeru ya makaseti inachokera kwa a nesi a pachipatala chathu, mayi wa kumpoto amene makolo ake anali asodzi cha ku Dwangwa. Iwowo ndiwo ankaona akhungu a dera lonse akamabwera kudzapempha mankhwala odontheza m'maso, amene aliyense ankadziwa kuti sathandiza. Ankati ambiri sabwerera mankhwalawo, amabwerera macheza a pabenchi. Tsiku lina tikuchokera kumaliro anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amadamu, bwanji tiziwajambulira mawu? Inu muli ndi mabuku, a telala ali ndi wailesi." A telalawo anali Msilamu wa pamsika amene anagwirako ntchito ku Joni, ndipo anabwerako ndi wailesi ya kaseti yaikulu imene anaisokera chikwama chakechake cha zipi. Wachinayi wathu anali kalaliki wa kukhoti, bambo wa mawu okoma amene ankawerenga malemba m'tchalitchi mwathu. Palibe anatituma, palibe anatilipira, ndipo gulu lathu linalibe dzina. Tinkangoti "Loweruka kwa a telala."

Za zimene tiziwerenga tinagwirizana msanga. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo ndakatulo zatsopano zinali ndi eni ake, ena mwa eniwo ali m'ndende chifukwa cha ndakatulo zomwezo. A kalaliki anati zimenezo tisayerekeze n'komwe. Ndiye tinasankha zakale, zopanda mwini: za opalasa ngalawa, za amayi opuntha mpunga, za maliro, za maukwati, zimene anazipeka anafa agogo athu asanabadwe. Zambiri zinali m'buku la bambo la nthawi ya mishoni, lopanda chikuto. Zina zinali m'mutu mwawo, ndipo ine ndinkalemba iwo akunena. Tinkaganiza kuti chinthu chopanda mwini sichingamangitse munthu.

Tinkajambulira m'chipinda cha kuseri kwa shopu, pakati pa mipukutu ya nsalu. A telala anatulukira okha kuti nsalu zimameza phokoso, moti mawu ankatuluka oyera kuposa m'kalasi mwanga, momwe malata ankathetheka ndi dzuwa. Munkatentha koopsa, chifukwa zenera tinkalitseka kuopa mabelu a njinga ndi amayi otsatsa usipa. A telala ankati "Bisimila," n'kukanikiza mabatani awiri nthawi imodzi, lofiira ndi lakuda, kenako n'kuloza ndi chala woti ayambe. A kalaliki sankatha kuwerenga atakhala pansi. Ankaimirira, kumanga jekete, n'kuiweramira pang'ono wailesiyo ngati ndi woweruza milandu, ndipo kaseti yathu yoyamba imayamba ndi mawu awo akuti, "Zikomo kwambiri, bwana." Tinaseka mpaka misozi, iwo akupempha kuti tifufute, a telala akukana. A telala eni ake sankawerenga, ankaimba mmene anaphunzirira ku madarasa ali mwana, moti ndakatulo ya amayi opuntha mpunga inkamveka ngati pemphero. A nesi ankachita manyazi ndi lilime lawo la kumpoto, koma bambo ankakonda mawu awo kuposa a tonsefe, ankati ndi okhawo amene sathamanga. Mabatire akafooka tinkawayanika padenga, ndipo kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti tisawathe mphamvu.

Lamulungu masana akhungu anzawo a bambo ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, ena atachita kukwezedwa pa njinga kuchokera ku Mwadzama. Poyamba a telala ankabwera ndi wailesi yawo. Kenako mlongo wake wa a nesi, amene ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe, anatipatsa kawailesi kakale kongoliza, kosajambula, ndipo kameneko kanakhala ka bambo. Ankakakhazika pamiyendo n'kukagwira ndi manja onse awiri. Ndinaona nkhope yawo ikubwerera mmene inalili akadali m'kalasi, ndipo ndinasangalala, komanso ndinapuma, pakuti kaseti ilibe ndiwo pamoto.

Panali ndakatulo imodzi imene ankaifunsa sabata iliyonse, ya mlendo. Anaiphunzitsa kalasi iliyonse imene anaigwira, ndipo ankati amayi anga, amene pa nthawiyi anali atamwalira kale, anayamba kuwakonda tsiku limene anawamva akuilakatula pa konsati ya sukulu. Kaya zinali zoona, kaya ankangodzitama, sindikudziwa. Ndi ya msodzi wosauka amene mlendo wamufikira m'nyumba mulibe chakudya, ndipo ndime yake yomaliza imati:

Mlendo wadza ndi mwera, wanyowa,
m'nyumba mulibe kanthu.
Tambala wakudayo wakalamba, mgwireni timuphe.
Mawa kudzacha chete,
tidzadzuka dzuwa litakwera,
koma mlendo wadya.

Imeneyi ndinauza anzanga kuti ndiwerenga ndine, asandilande. Loweruka lake ndinasamba kumaso, ndinamwa madzi, ndipo ndinayamba modekha mmene bambo ankafunira. Ndinayenda bwino mpaka pa ndime yomaliza. Nditangomaliza kunena "mgwireni timuphe," a kalaliki anadumpha mpukutu wa nsalu n'kumenya batani ndi chikhatho, moti wailesi inatsala pang'ono kugwa.

"Amadamu, mwapenga?"

Ndinawayang'ana osamvetsa. Iwo anangoloza kukhoma, kumene a telala anapachika madiresi a amayi a chipani amene anali kusoka. Pamenepo m'pamene zinandilowa. Tambala wakuda anali chizindikiro cha chipani. Anali pa mbendera yake, pa mabaji, ndi pa khadi limene popanda ilo sukanalowa mumsika. Mwini chipaniyo anali nkhalamba, ngakhale kuti zimenezo munthu sankanena. Mzere umenewu ndinaulakatula kuyambira ndili Sitandade 4, koma sindinaumvepo mmene ndinaumvera tsiku limenelo.

"Koma ndakatulo iyi ndi yakale kuposa chipani," ndinatero.

"Zimenezo mukawauze anyamata a malaya ofiira," anayankha a kalaliki. "Ine ndimakhala kukhoti, amadamu, ndimaona. Mphunzitsi mnzanu uja wa kutsidya kwa dambo, anamutengeranji? Anangokulunga nsomba m'nyuzipepala ya chithunzi cha mwini chipani. Mwamuonanso? Tsono pepala munthu atha kukana kuti sanalembe ndiye. Mawu anu mukana bwanji?"

A nesi anati chapansipansi, "Akabwera adzayamba ndi ine wa kumpotone." A telala anabweza kaseti ndi bolopeni, n'kujambula chete pamwamba pa mawu anga mpaka onse atafufutika, tonse titagwira mpweya.

Tikanatha kuisiya ndakatuloyo, koma ndinadziwa kuti bambo andifunsa mawa lake. A kalaliki ndiwo anabwera ndi nzeru. Anati tingosintha liwu limodzi, pa tambala tiikepo bakha, pakuti bakha si wa chipani chilichonse. Tinayesa kunena, "Bakha wakudayo wakalamba," ndipo zinamveka ndithu, mzere sunatsimphine. Ndinawerenga choncho, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Ndinali ndi mwana woyamwa.

Lamulungu ndinaika kasetiyo m'kawailesi ka bambo n'kukhala pamphasa. Iwo ankatsatira ndi milomo, mutu ukugwedezeka. Bakha atangotuluka, chala chawo chinapeza batani chokha.

"Bakha?"

Ndinawayandikira n'kuwanong'oneza chifukwa chake. Anamvetsera mpaka ndithe.

"Ndamva," anatero mokweza, osasamala kunong'ona kwanga. "Tsono ndiuze, mayi, iwe mphunzitsi. Bakha anadzutsapo ndani? Munthu uyu ndi msodzi. Chinthu chokhacho chimene ali nacho n'chimene chimamudzutsa kuti akaponye khoka anzake asanamutsogolere. N'chimene akupha. Akupereka mawa lake kuti mlendo adye lero. Ndiye iwe wamuphera bakha, kenako ukuti mawa kudzacha chete. Kudzacha chete chifukwa chiyani? Kumsika nakonso muzikagula mchere ndi mabakha?"

Anzawo aja anaseka kwambiri, wina mpaka kutsokomola. Bambo sanaseke. Anatulutsa kaseti, n'kundipatsa, kawailesi n'kukalowetsa m'nyumba. Anthu anabalalika dzuwa likadali mmwamba.

Ndinawatsatira m'nyumba mtima utawira. Sindinawalankhulepo bambo anga mokweza moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinatero. "Mukufuna ndikafere m'ndende chifukwa cha nkhuku? Mdzukulu wanuyu mumuyamwitsa ndinu?"

"Sindikufuna ufe," anatero. Anali atakhala pabedi, akuyang'ana kumbali pang'ono kwa pomwe ndinaima. "Koma ine buku sindingalione. Maso anga ndinu anayinu. Iyi ndaigwira chifukwa ndimaidziwa. Nanga zina zija, zimene sindizikumbukira bwino, muli mabakha angati?"

Ndinalumbira kuti mulibe, ndipo munalibedi. Anagwedeza mutu, koma kawailesi kanalowa pansi pa bedi. Sabata yonse sanalize kaseti ngakhale imodzi, ngakhale ya a nesi. Ndikadutsa popita kusukulu ndinkawapeza pakhonde manja ali pamaondo, opanda chogwira. Zinandipweteka, ndipo zinandikwiyitsanso, pakuti thukuta lonse lija la kuseri kwa shopu linkaoneka ngati lapita pachabe chifukwa cha mbalame imodzi. Ndinauza mwamuna wanga kuti nkhalamba ija ndi youma mutu. Iye anati akudziwa kumene ine ndinatengera.

Chakumapeto kwa sabata ndinawapititsira chinangwa chophika. Anadya pang'ono, kenako anati, "Khala pansi. Ndaganiza."

Ndinakhala.

"Mzere uja usaunene. Koma usaikepo china, ndipo usaudumphe. Ukafika pamenepo uwerenge chamumtima, liwu lililonse, osathamanga. Kaseti izingoyenda. Ukamaliza, pitiriza mokweza."

"Ndiye pakhala chete."

"Pakhala malo ake. Zotsalazo undisiyire ine."

Loweruka ndinawafotokozera anzanga. A kalaliki anaganiza nthawi yaitali, chala chili pamlomo, ngati akufufuza lamulo loletsa kukhala chete, ndipo pomaliza anati salidziwa. A telala anati "Bisimila," n'kukanikiza mabatani. Nditanena kuti "m'nyumba mulibe kanthu," ndinatseka pakamwa n'kuuwerenga mzerewo mumtima. Sindinadziwe kuti mzere umodzi ungatalike chotero. Ndinkamva kaseti ikuzungulira ndi thukuta likutsika kumsana, ndipo nditakweza maso ndinaona milomo ya a nesi ikuyenda, ya a telala ikuyenda, ngakhale ya a kalaliki. Kenako ndinati, "Mawa kudzacha chete," mawu akunjenjemera pang'ono. A telala anafunsa ngati tibwereze, ine ndinakana.

Bambo anaimva koyamba tili awiri m'nyumba. Mpata utafika anaunena mzerewo, osakweza, osanong'ona, ndipo atangomaliza "timuphe," mawu anga a m'kaseti analowa pomwepo ngati tinachita kupangana. Anaseka kukhosi. "Eya, lero sunathamange," anatero. Kawailesi kanatuluka pansi pa bedi, ndipo Lamulungu lotsatira anthu anabweranso pansi pa mango. Ambiri mwa iwo ankaidziwa ndakatuloyo, ena anaimva kwa ana awo amene bambo anawaphunzitsa. Mpata ukafika, gulu lonse linkang'ung'udza ngati anthu oyankha pemphero, mawu a bambo ali patsogolo. Ine ndinkaima chapatali kuyang'ana kumsewu, chifukwa ndinali ndekha wa maso.

Tsiku lina sindinayang'ane bwino. Ndinali kuseri ndikusintha mwana thewera, ndipo pobwerako ndinapeza tcheyamani wa chipani wa dera lathu ataima pafupi ndi mtengo, njinga ataigwira, baji ili pachifuwa. Anali atabwera kudzakumbutsa za msonkhano. Kaseti inali kulira, ndipo inali ya mlendo, ndime yomaliza ikuyandikira. Kuthamangira kukazimitsa kukanaoneka moipa kuposa kuisiya. Ndinangonena mokweza kuti, "Takulandirani, a tcheyamani," kuti onse amve amene wabwera. Munthuyu anali mwana wa sukulu wa bambo, ndipo ndikukumbukira akulakatula ndakatulo yomweyi atavala kabudula wong'ambika, ine ndili kalasi ya pansi pake.

Mpata unafika. Palibe anang'ung'udza. Kunangomveka kuzungulira kwa kaseti ndi mbuzi kutali. Ndinkayang'ana pansi, choncho sindinganene ngati milomo ya a tcheyamani inayenda kapena ayi. Mawu anga atayambiranso, iwo anadikira mpaka ndakatulo ithe.

"Aphunzitsi, kaseti yanuyi ikudumpha."

"Ikudumpha, mwana wanga," anatero bambo. "Mabatire."

"Eee, mabatire a masiku ano," anatero a tcheyamani. Ananena za msonkhano, anatsanzika mwaulemu, n'kukwera njinga. Kwa masabata angapo galimoto iliyonse ikaima pamsewu mtima unkandidumpha, ndipo a kalaliki anasiya kubwera Loweruka mpaka mvula itayamba. Palibe anabwera kudzatitenga. Ngati tcheyamani uja anatiteteza kapena anangoiwala, sindinamufunse, ndipo tsopano anamwalira.

Tinajambula makaseti ena ambiri, mpaka a nesi anasamutsidwa ndipo wailesi ya a telala inayamba kutafuna tepi. Bambo anakhala ndi kawailesi kawo zaka zonse zotsala. Ya mlendo ankailiza pafupifupi tsiku lililonse, kawirikawiri mmawa, atamwa tiyi. Ndikadutsa popita kuntchito ndinkamva kuchokera kumsewu mawu anga, kenako awo, kenako anganso. Nthawi zina ndinkaima kuseri kwa mpanda kudikira mzere wawo ndisanapitirire, ngakhale belu la kusukulu litalira kale. Ndi kucheza kokhako kumene ine ndi bambo sitinkadulana mawu.

Bambo anamwalira zinthu zisanasinthe, chipani chikadali chimodzi. Patapita zaka zochepa anthu anayamba kunena za tambala chilichonse chimene akufuna, pamsika, m'basi, pawailesi. A telala, atakalamba okha, anandiimitsa pakhonde la shopu n'kundiuza kuti mwana wawo wagula wailesi yatsopano, ndipite tikaijambule yonse, mzere uja ulowe m'malo mwake. Ndinawathokoza, ndinati ndibwera. Sindinapite.

Kaseti ija ndikadali nayo, ndipo ndiyo yokha imene inatsala. Adzukulu anga atandimva ndikuiliza anati yaonongeka pakati, ndiwapatse akaikonzetse m'tauni. Ndinawauza kuti asaikhudze. Koyamba kuiliza bambo atapita kunali patatha mwezi chiikireni maliro, mmawa, ndikusesa m'nyumba mwawo. Ndinakapeza kawailesi pansi pa pilo kaseti ili momwemo, ndipo ndinangokanikiza osaganiza. Mtsikana wa m'kasetimo anawerenga bwino, modekha, mpaka anati, "m'nyumba mulibe kanthu," n'kukhala chete. Ine ndinaima ndi tsache m'manja, ndikudikira, mutu nditatembenuzira kukhonde. Munkamveka mpweya wanga wokha wa tsiku lija, ndi belu la njinga patali. Nditazindikira kuti mzerewo tsopano ndi wanga, ndinatsegula pakamwa, koma mpata unatha ndisananene kanthu. Mtsikana uja anangopitiriza: "Mawa kudzacha chete."